Mwera ndi Mabwato a ku Benga: Kayankhidwe ka Mafunso Oyesa Kuganiza

Yunivesite ya Malawi, imene idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, kwa zaka zingapo inkalembetsa mayeso apadera kwa ofuna malo. Kuwonjezera pa chiyankhulo ndi masamu, munali gawo loyesa kaganizidwe. Mayesowo adalekeka, koma mafunso a mtundu umenewu amapezekabe pamene anthu akupikisana pofuna sukulu kapena ntchito, ndipo funso limodzi likhoza kumanitsa munthu malo.

Chitsanzo chili pagombe la Benga, m'boma la Nkhotakota. Funso likhoza kunena kuti: "Mwera ukawomba, mabwato sapita panyanja. Lero mabwato sadapite. Kodi mwera wawomba?" Wophunzira waphuma amavomera msanga, koma walakwa. Asodzi akhoza kukhala pamtunda chifukwa cha maliro kapena kung'ambika kwa makoka. Mawuwo atchula chimene mwera umachita. Sadanene kuti mwera wokha ndiwo umaletsa ulendo.

Funsolo litatembenuzidwa, nkuti mabwato apita panyanja, pamenepo yankho ndi lotsimikizika: mwera sudawombe, pakuti ukadawomba sakadapita.

Msampha wachiwiri uli pa timawu tiwiri, "onse" ndi "ena". Kunena kuti asodzi ena amapha usipa, ndiponso kuti asodzi ena ali ndi injini, sikutanthauza kuti pali wopha usipa amene ali ndi injini. Magulu awiriwo akhoza kukhala anthu osiyana kotheratu.

Wachitatu ndiwo umakola ophunzira anzeru: kulowetsamo zimene akudziwa kale. Pepala likati nsomba zonse zimauluka, ndipo chambo ndi nsomba, yankho ndi lakuti chambo chimauluka. Mwana wokulira kunyanja adzaseka, koma woyesayo safunsa za chambo. Afuna kuona ngati yankho likutuluka m'mawu amene aperekedwa. Kalondolondo wotereyu adamlongosola ndi Aristotle wa ku Greece zaka zoposa 2,300 zapitazo.

Motero wophunzira aziwerenga funso kawiri, nalemba mzere pansi pa mawu monga "onse", "ena", "palibe" ndi "pokhapokha". Kenaka pa yankho lililonse adzifunse ngati nkotheka kuti mawu operekedwawo akhale oona pamene yankholo lili labodza. Ngati nkotheka, alitaye. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'chipinda cha mayeso mwambiwu umagwira ntchito.