Zodabwitsa 6 za chilankhulo cha ku Mzimba

Mukangodutsa pa Jenda kulowera ku Luwawa, tcherani khutu. Chitumbuka chimamveka ngati chapafupi, koma tiyeni tione ngati simukodwa.

1. Mwana akakuuzani m'mamawa kuti akukasambira, musayang'ane ku damu la Luwawa. Onani makope ali kukhwapawo! Kuno kusambira n'kuphunzira, ndipo mphunzitsi ndi msambizgi.

2. Tatchulani msambizgi katatu mofulumira. Lilime lapindika? Zg, sk ndi gh m'Chichewa mulibe, koma kuno n'zatsiku ndi tsiku: yankho ndi zgolo, nsapato ndi skapato, maganizo ndi maghanoghano. Gh ameneyo amatulukira kukhosi, mofewa, ndipo amakoma kumva.

3. Ife timakana poyambirira penipeni: sindikufuna. Mtumbuka amasunga kukanako mpaka kumapeto. Muli pamsika wa Mzimba, wogula wagwira mulu wa tomato n'kunena kuti "Nkhukhumba…" Inu mwatsegula kale jumbo, mwayamba kuponyamo ndi basera. Kenako akumaliza: "…yayi." Bwezerani tomato patebulo, sakufuna!

4. "Mukuluta nkhuni?" Ayi, sakukutumani kunkhalango. Akufunsa kumene mukupita.

5. M'Chichewa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timazisiyanitsa pokweza kapena kutsitsa mawu. Chitumbuka sichisiyanitsa mawu mwanjira imeneyi, chinthu chosowa pakati pa zilankhulo za Chibantu. Chimangokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nanga wa mango uja? Ndi khuni basi, nkhani yatha.

6. Tawerengani zikwangwani: Embangweni, Edingeni, Emfeni, Ekwendeni, Euthini. Mwaona e- kutsogolo ndi -ni kumbuyo? Chimenecho si Chitumbuka. Ndi galamala ya Chingoni yosonyeza malo, yomweyo imene ili m'dzina lakuti eThekwini, Durban ya abale athu a ku Joni. Angoni a Zwangendaba adawoloka nayo Zambezi mu 1835, tsiku la kadamsana, ndipo mu 1891 mmishonale W. A. Elmslie adasindikiza buku la galamala ya Chingoni. Angoniwo adagonjetsa Atumbuka ndi mikondo, n'kukwatira ana awo aakazi. Ana obadwawo adayamwa chilankhulo cha amayi. Lero Chingoni muchimva m'nyimbo za ingoma ndi m'zitamando za Inkosi ya Makhosi M'mbelwa pa Umthetho ku Hora, koma gule akatha, mdzukulu wa ogonjetsa aja amathokoza kuti "Yewo chomene."