Mtima wa wamalonda: pomwe umanena zoona ndi pomwe umasocheretsa

Nyengo yogula mbewu ikafika, m'misika ngati ya Lizulu, Mitundu, Jenda ndi Lunzu simusowa mawu akuti "mtima wanga wakana." Wamalonda wa zaka zambiri amapisa dzanja m'thumba la chimanga, n'kuchoka osagula, pomwe mnyamata amene wangoyamba kumene geni sakuonapo vuto. Ena amati mkuluyo ndi wokhwima, ena amati amaona zobisika. Nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa mpamba wa anthu ambiri umatha posokoneza zinthu ziwiri: luso lozindikira katundu, ndi mphamvu zolosera zam'tsogolo zomwe ena amati ali nazo.

Zomwe dzanja limadziwa

Munthu amazindikira katundu poona, pomvetsera, ponunkhiza, polawa ndi pokhudza. Chimanga chouma bwino chimalola dzanja kulowa m'thumba mosavuta, chimalira gwedegwede pochivundula, ndipo njere yake imasweka ndi phokoso poiluma. Chachinyezi chimazizira m'manja, ndipo dzino limangolowa m'njere. Mtedza wouma umalira m'makoko poukhutchumula. Chambo chatsopano chimakhala ndi maso owala, ndipo pochidina ndi chala mnofu umabwerera.

Amene wagwira matumba zikwizikwi sachita kuganizira zizindikirozi chimodzichimodzi. Ubongo wake umaziphatikiza m'kanthawi kochepa, n'kupereka yankho munthuyo asanapeze mawu ofotokozera. Yankho limenelo ndi lomwe amalitcha mtima.

Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2002, ndi Gary Klein, amene ankafufuza mmene ozimitsa moto amapangira chiganizo mwachangu, analemba limodzi za nkhaniyi mu 2009. Anagwirizana kuti nzeru yodzidzimukirayi ndi yodalirika pakakhala zinthu ziwiri: ntchitoyo ikhale ndi zizindikiro zosasinthasintha, ndipo munthuyo akhale kuti waigwira nthawi yaitali akuona msanga zotsatira za chiganizo chake. Wogula nsomba akalakwitsa m'mawa, madzulo fungo limamuuza. Ndi sukulu imeneyo imanola mphuno yake.

Luso limeneli ndi ndalama. Thumba la makilogalamu 50 la chimanga chokhala ndi chinyezi cha 18 peresenti, likauma kufika pa 13 peresenti pomwe chimasungika bwino, limatsala ndi makilogalamu 47 okha. Pa matumba 100, wogula amakhala atalipira madzi olemera pafupifupi matumba 6, osawerengera chomwe chingaole.

Pomwe mphuno imalephera

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Poizoni wochokera ku chuku, yemwe akatswiri amamutcha aflatoxin, alibe fungo kapena kakomedwe, ndipo amatha kupezeka mu mtedza kapena chimanga chooneka bwinobwino. Mu 2004, anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Apa lilime silithandiza. Chothandiza ndi kupewa mbewu yomwe inayanikidwa padothi, mtedza womwe anauwaza madzi kuti usendeke mosavuta, ndi njere zonyala kapena zosweka. Wotumiza katundu kunja ayenera kukayezetsa.

Mitengo yam'tsogolo nayo sinunkha. Mu Ogasiti 2017, dziko la India linachepetsa nandolo yemwe limalola kulowa m'dzikolo, ndipo mtengo wake kuno unagwa, alimi ndi mavenda n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kukwera. Ziganizo zimenezi zinapangidwa m'maofesi akutali ndi msika. Ngakhale dzanja lagwira nandolo zaka 30, silingazidziwe, chifukwa zinthu zotere sizibwerezabwereza mofanana kuti munthu aziphunzire. Vuto ndi lakuti mtima umalankhula motsimikiza chimodzimodzi, kaya ukudziwa kaya ukungoganizira.

Ogulitsa zam'tsogolo

Pampata umenewu ndi pomwe pamalowera anthu olonjeza kuona mitengo ya miyezi ikubwerayo, kuloza mbewu yomwe idzalemeretse munthu, kapena kuchulukitsa ndalama. Mphamvu zoterezi zayesedwapo poyera. James Randi, katswiri wa masewero opusitsa maso wobadwira ku Canada, anaika mphotho yomwe inafika madola 1 miliyoni kwa aliyense woonetsa mphamvu zodabwitsa pa mayeso omwe mbali zonse ziwiri zagwirizana. Anthu oposa 1,000 anadzipereka, koma pofika 2015 pomwe mpikisanowo unatsekedwa, palibe anaitenga.

Nanga bwanji maulosi ena amaoneka ngati akwaniritsidwa? Choyamba, ambiri amanena zodziwika kale. Zaka zambiri chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola n'kukwera cha mu Januwale ndi Febuluwale. Wonena zimenezi sanaombeze, wangoona kalendala. Chachiwiri, munthu amakumbukira tsiku lomwe m'manja munayabwa n'kulandiradi ndalama, koma amaiwala masiku khumi omwe munayabwa pachabe. Chachitatu, wolosera akauza anthu asanu kuti soya akwera ndi asanu ena kuti atsika, gulu limodzi limakhala mboni zake, pomwe linalo limangokhala chete ndi manyazi. Za chikhulupiriro aliyense ali ndi ufulu, koma kulandira ndalama za munthu pomunamiza ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Funso losavuta ndi ili: wodziwa mtengo wa mawa, bwanji osapikula yekha katunduyo?

Zoyenera kuchita

Mtima ukakana katundu, wamalonda aime n'kufufuza chifukwa chake. Njira yotsika mtengo yoyezera chinyezi ndi ya mchere: chimanga chithiridwe m'botolo lagalasi louma kufika pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, aonjezere masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma, atseke, akhutchumule, adikire mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume mokwanira. Chitsanzo chitengedwe pakati ndi pansi pa thumba, osati pamwamba pokha. Kulemera kwa katundu kutsimikizidwe pa sikelo yomwe a Malawi Bureau of Standards anaiyeza, osati ponyamula ndi mkono.

Mtima ukamakakamiza kugula msanga katundu wambiri poyembekeza kuti mtengo ukwera, pamenepo m'pofunika kudekha. Ndi bwino kumva mitengo ya misika ingapo, kuona mitengo yoyambira yomwe Unduna wa Zamalimidwe walengeza, kuwerengera thiransipoti, matumba ndi mankhwala a anankafumbwe, komanso kusaika mpamba wonse pa mbewu imodzi.

Chida china ndi kope. Nthawi iliyonse mtima ukanena kanthu, wamalonda alembe tsiku, zomwe wamva ndi zomwe zachitika pambuyo pake. Ikamatha nyengo imodzi, kopelo lidzamuonetsa katundu yemwe amamudziwadi, ndi malo omwe wakhala akungotchova juga ndi mpamba wake.