Utsi wa M'botolo: Kalawidwe ka Wisiki wa ku Scotland

Alendo amene amafika m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, nthawi zina amaitanitsa wisiki wa ku Scotland wonunkha utsi. Woperekera zakumwa amene saudziwa mowawu akhoza kuganiza kuti ndi woonongeka, pamene wogula wosazindikira akhoza kutaya ndalama zambiri pa botolo losayenera. Nkhani ino ikufotokoza kumene utsiwo umachokera ndiponso njira yodziwira ubwino wa wisiki wotere, makamaka amene sanakhalitse mumgolo.

Munthu wa ku Mangochi sangavutike kumvetsa za utsiwu. Chambo chowamba chimatenga fungo la nkhuni zimene anawambira, ndipo wodziwa nsomba amasiyanitsa yowambidwa bwino ndi yongopserera. N'chimodzimodzi ndi wisiki. Ofulula amaviika balere m'madzi kuti amere, kenako amaumitsa chimeracho pang'anjo. Pa chilumba cha Islay, m'ng'anjomo amayatsamo peat, dothi lakuda lochokera ku zomera zimene zakhala zikuvunda m'madambo kwa zaka zikwizikwi. Utsi wake umakakamira pachimera ndipo umafika mpaka m'botolo.

Katchezedwe kake kamafanana ndi ka kachasu, koma nthawi zambiri amatcheza kawiri m'miphika ya mkuwa. Kwathu kuno mutu wa kachasu ndiwo umatamandidwa, pamene ku Scotland mutu ndi zakumapeto amaziika padera kuti azitchezenso. Amasunga zapakati zokha. Malamulo a mu 2009 amanena kuti wisikiyu akhale m'migolo ya mtengo wa oak ku Scotland komweko kwa zaka zosachepera 3, ndipo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Mawu oti single malt amatanthauza kuti wapangidwa ndi chimera cha balere chokha, pa fakitale imodzi.

Wisiki akamakhalitsa mumgolo, utsi umanka nuzilala ndipo fungo la mtengo limakula. Choncho wofuna utsi wamphamvu amasankha wa zaka zochepa, monga Lagavulin wa zaka 8 amene anatuluka mu 2016, kapena Ardbeg Wee Beastie wa zaka 5 amene anatuluka mu 2020. Chiwerengero cha pabotolo chimanena zaka za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene asakanizidwamo.

Polawa, choyamba timayang'ana. Wisiki wa zaka zochepa amakhala wotuwira ngati udzu wouma. Komabe mtundu usatinyenge, pakuti lamulo limalola kuthiramo utoto wa shuga wootcha. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, timanunkhiza. Tambula yabwino ndi yopapatiza kukamwa chifukwa imasonkhanitsa fungo. Tisalowetsemo mphuno mofulumira, ukali ungatitseke. Tikafatsa timamva phulusa, phula, mchere ndi fungo longa la mankhwala a m'chipatala, ndipo kuseri kwake kumamveka ndimu kapena kutsekemera kwa chimera. Gawo ili ndi lofunika kwa ogwira ntchito m'mahotela amene salawa mowa chifukwa cha chipembedzo, monga alili ambiri ku Mangochi: mphuno yokha imawauza zambiri zoti n'kufotokozera mlendo.

Chachitatu, timalawa pang'ono n'kusunga m'kamwa kwa kanthawi. Kenako timadonthezamo madzi ochepa, chifukwa madzi amafewetsa ukali ndi kutulutsa fungo lobisika. Ayezi wambiri amapha fungolo, ndipo zakumwa zotsekemera zimaliphimbiratu.

Chachinayi, timamvetsera zotsalira tikameza. Wisiki wabwino amasiya kutentha kofatsa ndi utsi wokhalitsa pakhosi. Wosapangidwa bwino amaluma, amanunkha ngati mphira wopsa, ndipo kukoma kwake kumatha msanga.

Pomaliza, funso lalikulu ndi ili: kodi utsiwo ukuthandiza kukoma kapena ukubisa chilema? Wogula nsomba pamsika wa Monkey Bay amadziwa kuti utsi wambiri ukhoza kuphimba nsomba imene inayamba kuonongeka isanawambidwe. Wolawa wisiki nayenso afunefune chimene chili kuseri kwa utsi. Akapezako kutsekemera kwa chimera ndi fungo la zipatso, wisikiyo ndi wabwino ngakhale ali ndi zaka zochepa. Akapeza utsi ndi ukali basi, ndiye kuti ndalama zake zagula phulusa.