Dzuwa Likamgwetsa M'bale Wathu

Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, dzuwa limaswa mtengo kuno ku Milange. Opalasa njinga zodzaza chimanga kupita ku Muloza ali pangozi, pamodzi ndi okalamba ndi makanda m'matchalitchi athu a malata.

Thupi likatentha kupyola madigiri 40, munthu amabwebweta, amadzandira, kenaka nkukomoka; khungu limaotcha, mwina lopanda thukuta. Enafe timafulumira kunena kuti ndi ziwanda. Iyayi. Mgonekeni pamthunzi, mmasuleni zovala, mthireni madzi ozizira thupi lonse, mkupizeni. Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala; pemphero lichitike panjira.

Kumunda tilawirire m'mamawa, chigubu cha madzi chili pambali, ndipo dzuwa likafika paliwombo tiweruke.