Tiwerenge Zimene Amanena M'dzina Lathu

Zaka 5 zilizonse ife timasankha aphungu. Tikaponya voti timabwerera kumunda, iwo napita ku Maputo. Kumeneko amalankhula m'dzina lathu. Amakamba za malo olima, za sukulu, za chipatala ndi za msonkho.

Kodi amanena chiyani? Nthawi zambiri timangomva kwa ena. Wina wamva pa wailesi, wina wamva kumsika, mawu nafika pamudzi atapindika kale. Koma ntchito ya aphungu imalembedwa, ndipo zina mwa zolembedwazo zimapezeka pa telefoni ya m'manja. Ife amene tikuphunzira kuwerenga tiyenera kudziwa njira yozipezera.

Nyumba ya Malamulo

Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu la Moçambique imatchedwa Assembleia da República. Ili ndi aphungu 250. Pa Chipwitikizi phungu ndi deputado. Kuyambira mu 1977 nyumbayi inkatchedwa Assembleia Popular, ndipo chipani chinali chimodzi. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu 1994.

Aphungu sasankhidwa ndi mudzi umodzi kapena boma limodzi ayi. Amasankhidwa ndi chigawo chonse. Aphungu a Tete amaimira anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi maboma ena onse a chigawochi. Aphungu a Niassa amaimira anthu a ku Lago pamodzi ndi a ku Lichinga.

Ulendo wa lamulo

Lamulo silibadwa tsiku limodzi. Limayenda ulendo, ndipo paliponse pamene laima limasiya pepala.

Poyamba pamabwera ganizo. Likachokera ku boma limatchedwa proposta de lei. Likachokera kwa aphungu limatchedwa projecto de lei.

Kenaka ganizolo limapita ku timagulu ta aphungu totchedwa comissão. Kagulu kalikonse kali ndi ntchito yake. Kena kamayang'ana ngati ganizolo likugwirizana ndi lamulo lalikulu la dziko. Kena kamayang'ana za ndalama za boma. Kena kamayang'ana za ulimi. Kagulu kangathe kuitana nduna kapena akatswiri ndi kuwafunsa mafunso. Kakamaliza kamalemba maganizo ake. Pepala limeneli ndi parecer.

Tsono aphungu onse amasonkhana. Msonkhano umenewu ndi plenária. Amayamba ndi kukambirana cholinga cha lamulo lonse, ndiyo generalidade. Pambuyo pake amalowa m'ndime imodzi imodzi, ndiyo especialidade. Zimene zachitika mumsonkhano zimalembedwa mu acta.

Aphungu akavomereza, Mtsogoleri wa dziko amasaina. Pomaliza lamulo limasindikizidwa m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Boletim da República. Ganizo limene silinafike mu Boletim da República silinakhale lamulo.

Titsate lamulo limodzi

Titenge chitsanzo cha nkhani imene imakhudza banja lililonse. Tonse tinaona ana aakazi akusiya sukulu chifukwa cha ukwati. Lamulo la banja la 2004 linkalola mwana wa zaka 16 kulowa m'banja makolo akavomera. Mu Julayi 2019 aphungu anavomereza lamulo loletsa kukwatiwitsa ana. Linasindikizidwa pa 22 Okutobala 2019. Linanena kuti munthu wosakwana zaka 18 sangalowe m'banja. Linaikanso chilango cha ndende, mpaka zaka 12, kwa munthu wamkulu wokwatira mwana. Makolo ndi atsogoleri okonza ukwati wotere nawonso linawaikira chilango.

Tiyerekeze kuti pabwalo wina akuti: "Makolo akalola, palibe mlandu." Wina akutsutsa. Kodi tikangana mpaka dzuwa kulowa? Iyayi. Tifunefune pepala.

Njira yofufuzira

1. Tikhale ndi telefoni yolowa pa intaneti ndi mamega okwanira. Telefoni imodzi ikwanira kalasi yonse.

2. Titsegule malo ofufuzira, monga Google.

3. Tilembe mawu ochepa a Chipwitikizi, pakuti mapepala a Nyumba ya Malamulo amalembedwa m'Chipwitikizi. Pa nkhani yathuyi tilembe: uniões prematuras lei Moçambique.

4. Tikadziwa nambala ya lamulo, tiilembe pamodzi ndi chaka chake: Lei 19/2019.

5. Tikafuna kudziwa zimene timagulu ta aphungu tinanena, tionjeze mawu akuti parecer kapena comissão. Tikafuna za msonkhano wa onse, tionjeze plenária kapena debate.

6. Tikapeza pepala, tilisunge m'telefoni kuti tisagulenso mamega. Tilembe nambala ndi tsiku lake m'kope.

Nyumba ya Malamulo ili ndi tsamba lake pa intaneti. Nyuzipepala ya Notícias ndi Rádio Moçambique nazonso zimafalitsa nkhani za misonkhano ya aphungu. Zonsezi zimatithandiza kudziwa tsiku limene nkhani inakambidwa ndi amene analankhula.

Mbuna zitatu

Njira iyi ili ndi mbuna. Tizidziwe kuti tisagweremo.

Mbuna yoyamba ndi dziko. Nyumba ya Malamulo ya ku Portugal nayonso imatchedwa Assembleia da República, ndipo imalemba m'Chipwitikizi chomwecho. Tikaiwala kulemba dzina la Moçambique, telefoni ingatibweretsere malamulo a ku Lisboa. Tiyang'ane kumapeto kwa keyala ya tsamba. Zilembo mz zikutanthauza dziko lathu. Zilembo pt ndi za Portugal, ndipo br ndi za Brasil.

Mbuna yachiwiri ndi chaka. Manambala a malamulo amayambiranso pa 1 chaka chilichonse. Lei 19/2019 ndi lamulo loteteza ana ku ukwati. Koma Lei 19/97 ndi lamulo la malo, la pa 1 Okutobala 1997. Lamulo limenelo linanena kuti anthu okhala pamalo motsata mwambo wawo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale alibe pepala. Linanenanso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. Nambala ndi imodzi, koma nkhani ndi ziwiri. Nambala yopanda chaka ili ngati dzina lopanda mfunda. Tikumbukirenso kuti lamulo latsopano lingathe kusintha lakale, monga tinaonera pa lamulo la banja. Nthawi zonse tifunse kuti: kodi pambuyo pake panabwera lina?

Mbuna yachitatu ndi kusokoneza mawu a phungu ndi lamulo. Phungu angaime ndi kunena kuti mtengo wa feteleza utsike. Amenewo ndi maganizo ake. Nduna ingalonjeze mlatho poyankha mafunso a aphungu. Limenelo ndi lonjezo. Sizinakhale lamulo. Komabe kuziwerenga kuli ndi phindu, chifukwa lonjezo lolembedwa lili ndi tsiku lake. Phungu akabwera kudzapempha voti, tingathe kumufunsa mwaulemu: "Bambo, mwezi wakuti munanena zakuti. Zafika pati?" Uthenga wofika pa WhatsApp wopanda nambala, wopanda tsiku, wopanda dzina la kumene wachokera, tisaukhulupirire msanga.

Zikasowa pa intaneti

Si mapepala onse amene ali pa intaneti. Enanso alipo koma ndi ovuta kupeza. Tisagwe mphwayi. Mu 2014 aphungu anavomereza lamulo la ufulu wodziwa zinthu, Lei 34/2014. Lamuloli limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha mapepala a boma okhudza anthu. Sitiyenera kufotokoza chifukwa chimene tikuwafunira. Ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Kuwerenga pepala sikulipiritsa, koma kukopera kungafune ndalama. Zinsinsi za chitetezo cha dziko ndi za moyo wa munthu payekha siziperekedwa.

Tikakhala ndi dandaulo, Nyumba ya Malamulo ili ndi kagulu kolandira madandaulo a anthu. Kalata yotere imatchedwa petição. Munthu mmodzi angalembe, gulu nalonso lingalembe.

Tigwire ntchito pamodzi

Ambiri a ife sitidziwa Chipwitikizi chokwanira. Ena maso anayamba kufooka. Ichi sichochititsa manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wachinyamata agwire telefoni. Mphunzitsi awerenge ndime imodzi ndi kuimasulira. Amayi ndi abambo afunse mafunso. Wodziwa kulemba alembe m'kope la gulu. Tikatero pepala la ku Maputo lidzamveka pansi pa mtengo wa m'mudzi mwathu, m'chinenero chathu.

Tiwerenge ndi kulemba

lei: lamulo
acta: zolembedwa za msonkhano
comissão: kagulu ka aphungu
parecer: maganizo olembedwa a kagulu
plenária: msonkhano wa aphungu onse

Tikambirane

1. Kodi ganizo limasanduka lamulo likafika pati?
2. Lei 19/97 ndi Lei 19/2019 zikusiyana bwanji?
3. Tingadziwe bwanji kuti tsamba ndi la dziko lathu?
4. Ofesi ya boma iyenera kutiyankha pasanathe masiku angati?
5. Ndi nkhani iti ya m'mudzi mwathu imene tikufuna kufufuza sabata ino? Tilembe mawu atatu oyambira.