Posankha Zokuzira Mawu, Khulupirirani Khutu Lanu

M'zaka za m'ma 1950, nyimbo za kwela zinkamveka m'misewu ya Johannesburg popanda waya kapena magetsi. Chitoliro ndi gitala zinali zokwanira, ndipo maimbidwe amenewa anafika mpaka ku Chileka, kumene Daniel ndi Donald Kachamba anatchuka nawo. Lero zinthu zinasintha. Gulu loimba la Amalawi a ku Rosettenville, Yeoville kapena Diepsloot likaitanidwa ku ukwati, ku chinkhoswe kapena ku mapemphero, eni mwambo amayamba afunsa ngati lili ndi zokuzira mawu.

Ambiri mwa oimbawa amagwira ntchito zina m'kati mwa sabata, monga ya ulonda, ya m'nyumba kapena ya m'sitolo. Akabwereka zida, ndalama zambiri zimene apeza tsikulo zimapita kwa mwini zidazo. N'chifukwa chake magulu ambiri amasonkherana kwa miyezi ingapo kuti agule zawo. Koma ndalama za thukuta zoterezi zikhoza kuthera pa chida chomwe sichitha ngakhale chaka.

Yambani ndi malo amene mumaimbako

Musanapite ku sitolo, khalani pansi ndi kuyankha mafunso atatu. Kodi mumaimbira anthu angati? Mumaimba m'holo kapena panja? Nanga zidazo muzinyamula pa chiyani? Gulu loyenda pa minibasi silingakwanitse masipika ofuna amuna awiri kuti anyamule imodzi.

Kwa anthu okwana 100 kapena kuposerapo pang'ono m'holo kapena m'tchalitchi, masipika awiri a mainchi 12 kawirikawiri amakwanira, makamaka akaikidwa pa miyendo yake kuti mawu adutse pamwamba pa mitu ya anthu. Panja pamafunika mphamvu zochulukirapo chifukwa palibe makoma obweza mawu. Posankha mikisa, werengani maikolofoni ndi zida zonse zimene muzilumikiza, n'kuwonjezerapo malo awiri a mtsogolo.

Masipika alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi ampulifaya m'kati mwake, ndipo amalonda amawatcha active. Ena, otchedwa passive, amafuna ampulifaya yapadera. Kwa gulu lopanda katswiri, oyambawo ndi osavuta chifukwa fakitale inagwirizanitsa kale mphamvu zake. Mukasankha achiwiriwo, dziwani kuti masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pambali imodzi ya ampulifaya amasanduka ma ohm 4. Mukawonjezera ena, ampulifaya yosapangidwira katundu wotero imatentha n'kupsa.

Chikomekome cha mkuyu

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Pa bokosi amalembapo mawati masauzande, pambali pake pali zilembo zakuti PMPO. Nambala imeneyi ndi ya malonda chabe. Funsani nambala ya RMS, yomwe imasonyeza mphamvu imene chidacho chingatulutse mosalekeza. Komanso kuwirikiza kawiri mawati kumangowonjezera ma decibel 3, kusiyana kochepa m'khutu. Kuti mawu amveke okwera kawiri, pamafunika mphamvu pafupifupi kuwirikiza ka 10.

Choncho pitani ndi woimba wanu ku sitolo. Alankhule ndi kuimba pa maikolofoni, inu mutaima patali. Ngati simukumva liwu lililonse bwinobwino, chisiyeni, ngakhale chikugunda mpaka m'chifuwa. Samalaninso ndi maikolofoni achinyengo. Ya Shure SM58, yomwe inatuluka mu 1966, ndi yolimba kwambiri, koma yabodza yake ndi yochuluka. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Musaumire pa mawaya: a XLR, a mano atatu, amachepetsa phokoso ngakhale atalike.

Zogwiritsidwapo kale ntchito

Zida zakale za makampani odziwika monga Yamaha kapena Wharfedale nthawi zambiri zimaposa zatsopano zopanda dzina, chifukwa amisiri amapeza zipangizo zokonzera. Ziyeseni kwa mphindi zingapo zitakwezedwa, mumvetsere ngati zikunjenjemera, ndipo mupotokole kabatani kalikonse. Lamulo la ku South Africa la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogulitsa katundu wakale alembetse ku polisi ndi kusunga mbiri ya amene anawagulitsa katunduyo. Kugula m'sitolo yotere kumakutetezani ku mlandu wopezeka ndi katundu wakuba, umene ndi woopsa kwambiri kwa mlendo m'dziko la eni.

Sungani lisiti. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola wogula kubweza katundu wopezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Chitetezochi sichigwira ntchito mukagula kwa munthu wamba amene sachita malonda.

Magetsi ndi ulendo wa kumudzi

Mu 2023 kampani ya Eskom inazimitsa magetsi mosinthanasinthana masiku opitirira 300, ndipo oimba anaphunzira kuti magetsi akamabwera mwadzidzidzi amaotcha zida. Gulani kachipangizo koteteza ku vutoli. Poyatsa, masipika akhale omaliza; pozimitsa, akhale oyamba. Aikeni kutsogolo kwa maikolofoni kuti asalire.

Amene akufuna kudzapita nazo kumudzi adziwe kuti magetsi a maiko awiriwa ndi ofanana, mavoti 230, koma mapulagi ndi osiyana: a ku South Africa ndi a mano obulungira pamene a ku Malawi ndi a makona. Aikenso padera ndalama za msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena Dedza.

Malangizowa akukhudzanso alangizi, makalabu a alimi ndi magulu a zisudzo. Pa msonkhano wa pansi pa mtengo, sipika imodzi ya batire yotchajidwa ndi sola ingathandize kuposa zida zazikulu zofuna jenereta ndi petulo. Ndipo popeza zida ndi za gulu, lembani pa pepala amene wasonkha zingati, amene azisunga, ndi gawo la ndalama za phwando lililonse lopita ku thumba lokonzetsera. Pepala limenelo lidzateteza gulu lanu tsiku limene mmodzi adzaganize zobwerera kwawo.