MUNDA WOBWEREKA: ZA ANTHU OTAYA MALO AO PA INTANETI

Masiku ano kuli nchito ina imene makolo sanaidziwe. Munthu atenga lamya yace, najambula zithunzi zoyenda za kuyimba, za nthabwala kapena za kaphikidwe, naziika pa YouTube, pa Facebook kapena pa TikTok kuti anthu aone. Malo amene aikapo zinthu zace achedwa akaunti, ndipo anthu amene alembetsa kuti aziona zonse zimene iye aturutsa achedwa omtsatira. Ambiri amadya ndi kubvala cifukwa ca nchito imeneyi. Koma akaunti ikhoza kutayika tsiku limodzi, ndipo mwini wace atsala manja lende.

Poyamba nkofunika kumvetsa kumene ndarama zicokera. Eni masitolo ndi makampani amalipira YouTube kuti ionetse malonda ao pakati pa zithunzizo. Pa ndarama za malonda a m'zithunzi zazitali, wojambula alandira magawo 55 mwa 100, ndipo otsalawo atenga kampani. Koma si yense alandira. Mu 2018 YouTube inaika lamulo lakuti munthu ayambe wapeza omtsatira 1,000, ndi kuti zithunzi zace zionedwe maora 4,000 m'miyezi 12. Ena amapangana ndi amalonda okha kuti achule katundu wao, ndipo mtengo wace ulingana ndi kucuruka kwa omtsatira. Cotero cuma ca munthu wotere ndico anthu amene amtsata. Iwo akamwazika, malipiro athanso.

Bvuto liri apa: mundawo suli wace. Iye alima ndi kupalira zaka zambiri, koma nthaka ndi ya kampani, ndipo maina a omtsatira asungidwa m'makina a kampaniyo. Pali njira zitatu zimene munthu angalandidwire munda wotere.

Njira yoyamba ndiyo kuswa malamulo a eni ace. Pa YouTube munthu wopezedwa wolakwa katatu m'masiku 90 akhoza kutsekeredwa akaunti. Popeza zithunzi zoikidwa tsiku ndi tsiku nzosawerengeka, kawirikawiri amene ayamba kuziweruza ndi makina, ndipo makina nthawi zina amalakwa. Wotsekeredwayo aloledwa kudandaula mwa kulemba, koma alibe bwalo la mfumu kumene angaime ndi mboni zace. Pamene ali kudikira yankho, lendi ya nyumba ndi ndarama za sukulu sizidikira.

Njira yaciwiri ndiyo mbala. Mu Marichi 2023 akaunti yochuka ya ku Canada yochedwa Linus Tech Tips, imene inali ndi oitsatira oposa 15 miliyoni, inabedwa usiku. Wanchito wina anatsegula kalata imene inaoneka ngati yocokera kwa amalonda ofuna pangano. M'kalatamo munabisika kacirombo ka pa kompyuta, kamene kanaba cizindikiro cimene makina amadziwira kuti mwini wace walowa kale. Motero mbalazo zinalowa osafunsidwa mau acinsinsi, ndipo zinayamba kuonetsa zacinyengo zofuna kudyera anthu ndarama. YouTube inatseka akauntiyo, koma inaibweza msanga kwa eni ace. Iwo anali anthu odziwika, okhala ndi owathandiza m'kampanimo. Munthu wamba sapeza thandizo lofulumira cotero.

Njira yacitatu ndiyo lamulo la Boma, ndipo citsanzo cacikuru cacokera ku India. Pa 15 Juni 2020 asilikari a India ndi a China anamenyana m'cigwa ca Galwan, ku mapiri a m'malire, ndipo asilikari 20 a India anafa. Pa 29 Juni Boma la India linaletsa mapulogalamu 59 a makampani a ku China. Pakati pao panali TikTok, imene inali ndi anthu pafupifupi 200 miliyoni m'dzikomo. Ambiri a ojambula ace anali anthu a m'midzi ndi m'matauni aang'ono, alimi ndi anchito wamba, amene anachuka ndi kubvina ndi kuseketsa m'zinenero zao, osasowa Cingelezi kapena makina okwera mtengo. Iwo sanalakwe kanthu, koma mkangano wa maiko awiri unawagwera ngati matalala pa cimanga.

M'caka comweco Instagram inatsegula Reels ku India, YouTube inatsegula Shorts, ndipo makampani a komweko anayambitsa Moj ndi Josh. Malo atsopano anapezeka, koma omtsatira munthu sasamuka naye monga mbuzi zitsata mbusa. Yense anayenera kuyambanso pa ciyambi. Ena anakwera msanga, koma ena ambiri sanapezenso gulu lao lakale. Mu Januwale 2021 Boma linalengeza kuti ciletsoco cikhala cosatha.

Zotere zaonekanso mu Africa. Ku Nigeria Boma linatseka Twitter kuyambira mu Juni 2021 kufikira mu Januwale 2022, kampaniyo itafafaniza mau a Pulezidenti Muhammadu Buhari, ndipo ogulitsa katundu pamenepo anabvutika miyezi isanu ndi iwiri. M'Zambia namo, pa tsiku la masankho la 12 Ogasiti 2021, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa kwa kanthawi, ndipo Bwalo Lalikuru la Mirandu linalamula kuti zitsegulidwe.

Nanga munthu wanzeru acitenji? Coyamba, asunge zithunzi zace zonse kwina, kuti akaunti ikatayika nchito ya manja ace isatayike nayo. Caciwiri, asalime munda umodzi wokha: akhale ndi malo pa makampani awiri kapena atatu, nauze omtsatira kumene angampeze. Cacitatu, alembe yekha manambala a lamya a ogula ndi a amalonda amene apangana nao, pakuti buku lotere palibe kampani ingamlande. Cacinai, atseke khomo lace ndi maloko awiri, ndiko kuti mau acinsinsi pamodzi ndi nambala yotumizidwa pa lamya, ndipo acenjere ndi makalata a alendo olonjeza malipiro akuru, popeza nkhani ya ku Canada yasonyeza kuti loko sathandiza ngati mwini nyumba alowetsa yekha mbala. Cotsiriza, awerenge malamulo a kampani, napatule ndarama pang'ono mwezi ndi mwezi za tsiku la tsoka.

Akuru akale anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Omtsatira munthu pa akaunti ali ngati fodya wa pacala. Cimene ciri cace ndithu ndi luso lace, mbiri yace yabwino ndi zimene wasunga m'nyumba mwace. Wokhala nazo izi, ngakhale amlande munda, akhoza kuswa mphanje kwina.